Lamya ndi Chiwongolero pa Msewu wa ku Nyanja



Anthu amene amakhala m'mphepete mwa msewu wochokera ku Lilongwe kutsikira ku Salima safuna kalendala kuti adziwe kuti sabata yatha. Dzuwa likangopendeka tsiku Lachisanu, magalimoto ang'onoang'ono amayamba kutsika mapiri a ku Dowa mondondozana, mazenera ali chitsegulire, nyimbo zikumveka patali, onse mphuno italoza ku Senga Bay. Ambiri a okweramo ndi achinyamata, ndipo pakati pawo pali ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku Lilongwe, monga a ku Bunda, a sukulu za unamwino ndi zachipatala, ndi a sukulu zina zambiri zimene zatsegulidwa zaka zapitazi. Nthawi ya zikondwerero za oimba, monga cha Sand Music Festival chimene malemu Lucius Banda adayambitsa, kapena cha Lake of Stars chimene chidachitikira ku gombe la Salima m'chaka cha 2018, mdipiti umenewu umachita kuwirikiza.

Palibe choipa pa ulendo wotere. Nyanja ndi chuma cha aMalawi onse, ndipo mwana amene wakhala akuweramira mabuku miyezi itatu ayenera ndithu kukawongolako msana m'madzi. Eni mahotela, asodzi, osema ziboliboli ndi amayi ogulitsa nsomba amapeza nawo cholowa. Chimene mawu ano akufuna kuunika ndi kanthu kakang'ono kamene kamakhala m'dzanja la woyendetsa galimotoyo, kapena pa miyendo pake, kakuwala nthawi ndi nthawi: lamya ya m'manja, pamodzi ndi chizolowezi cholemba kapena kuwerenga mauthenga galimoto ili pa liwiro.

Wina angafunse kuti nkhani ya ana a sukulu ikuwakhudza bwanji akuluakulu a m'maofesi ndi atsogoleri a m'midzi. Yankho lake lili pa makiyi. Ndi ophunzira owerengeka okha m'dziko muno amene ali ndi galimoto yawoyawo. Imene amatsikira nayo ku nyanja kawirikawiri imakhala ya bambo, ya mayi, ya malume, kapena yobwereka ndi ndalama zosonkherana. Kutero nkunena kuti makiyi amachokera m'nyumba za anthu olandira malipiro kumapeto kwa mwezi, pamene anthu amene galimotoyo imakumana nawo m'njira ndi a m'midzi ya mafumu a ku Dowa ndi a kuno ku Salima. Motero nkhaniyi ili ndi eni ake mbali zonse ziwiri.

Nkoyenera kukumbuka kuti vutoli ndi lachilendo. Lamya ya kale idali yomangidwa pa chingwe ngati mbuzi. Munthu ankaipeza ku positi ofesi kapena pa tebulo la bwana, ndipo sinkatha kumutsata m'galimoto. Uthenga woyamba wolembedwa wopita pa lamya ya m'manja udatumizidwa ku Britain m'mwezi wa Disembala 1992. Kuno ku Malawi kampani ya TNM idayamba ntchito zake m'chaka cha 1995, ya Celtel idatsatira mu 1999, ndipo ndi yomweyo imene idasintha dzina kukhala Zain, kenaka Airtel mu 2010. WhatsApp idabadwa mu 2009, ndipo pofika 2012 ndi 2013 Airtel Money ndi Mpamba zidasandutsa lamya kukhala chikwama cha ndalama. Tsono wophunzira amene ali pa koleji lero wakula zonsezi zili kale pakhomo. Kwa iye lamya ndiyo kalata, ndiyo banki, ndiyo wailesi, ndiyo bolodi limene aphunzitsi amalengezapo tsiku la mayeso, ndiyonso mapu omulondolera njira. Adaphunzira kulemba uthenga ndi chala chachikulu zaka zambiri asanagwire chiwongolero. Luso lakalelo lidalowa m'mafupa, pamene luso loyendetsa galimoto ndi la dzanadzanali, ndipo ziwirizi zikalimbirana munthu mmodzi, lakale ndilo limapambana.

Kuyendetsa galimoto kumafuna zinthu zitatu kwa munthu: maso akhale pa msewu, manja akhale pa chiwongolero, maganizo akhale pa ulendo. Zosokoneza zambiri zimalanda chimodzi chokha mwa zitatuzi. Munthu wodya chimanga chootcha wataya dzanja limodzi, woyang'ana chikwangwani cha malonda wataya maso kwa kanthawi, wolingalira za ngongole wataya maganizo. Kulemba uthenga kumalanda zonse zitatu nthawi imodzi, ndipo pa nthawi imeneyo galimoto imakhala ikuyenda yokha ngati ngolo imene mwini wake wagona.

Masamu ake ndi a ku pulaimale. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuwerenga uthenga waufupi ndi kuyankhapo mawu awiri atatu kungatenge masekondi asanu, mwinanso kuposa pamenepo. M'masekondi asanu amenewo galimoto yayenda mamita 110, ndiko kuti utali wonse wa bwalo la mpira wa miyendo, kuchokera pa golo ili kukafika pa golo lija, ndi kuonjezapo pang'ono. Palibe kholo limene lingalole kuti mwana wake amangidwe nsalu kumaso ndi kuyendetsa galimoto kudutsa pa bwalo la mpira pali anthu, komatu nzomwezo zimene zimachitika uthenga uliwonse ukamayankhidwa. Ndiponso maso akabwerera pa msewu nkhani sinathe, pakuti ubongo umafuna kanthawi kuti uzindikire chimene chili kutsogolo, phazi limafuna kanthawi kuti lichoke pa mafuta ndi kuponda mabuleki, ndipo galimoto ya pa liwiro limenelo imafuna mamita ena oposa 30 kuti iime, matayala ali abwino ndi msewu uli wouma. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Mvula ikagwa, kapena mchenga ukayala pa phula monga zimachitikira kuno ku nyanja, mtundawo umatalikirabe.

Tsono masamu amenewa aikidwe pa msewu weniweni. Mzinda wa Lilongwe uli pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Choncho ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wobwera ku Salima ndi ulendo wotsika. Kupyola Chankhungu, Chezi ndi mphambano ya ku Mvera, msewu umakhotakhota m'mapiri, ndipo kuseri kwa magulaye amenewo kungathe kukhala lole yolemedwa ikukwawa, kapena bambo akukankha njinga yosenza matumba a makala otambalala kuposa njingayo. Kunena zoona, m'mapirimo achinyamata ambiri amasamala, chifukwa mantha amawagwiritsa chiwongolero ndi manja awiri. Malo oopsa kwa wolemba mauthenga ndi kumunsi, msewu ukatera m'chigwa ndi kuwongoka, mpweya wofunda ukayamba kulowa pa zenera, mtima nkumati ulendo watha. Apo mpamene lamya imatuluka: kuuza anzake amene adatsogola kuti ayambe kuotcha nsomba, kufunsa dzina la malo ogona, kujambula mlambe wa m'mbali mwa njira.

Ndipo apo mpamenenso anthu achuluka. Pakati pa Kaphatenga ndi Kamuzu Road, msewu wa ku Lilongwe umaphatikizana ndi wa m'mbali mwa nyanja, wa M5, umene umanyamula mabasi ndi malole ochokera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa chakumpoto, ndiponso ochokera ku Chipoka ndi ku Golomoti chakumwera. Pa Kamuzu Road njinga za kabaza zimachita kuundana ngati njuchi pa mng'oma. Kuchoka pa boma kupita ku Senga Bay, mtunda wa makilomita ngati 20, msewu umapyola pakati pa midzi. M'menemo muli ana ochokera ku sukulu ndi ku madarasa, amayi osenza madengu a usipa, ngolo za ng'ombe, ndi mbuzi zimene sizilabadira hutala. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akathamangira mpira wake pa phula, sapatsa woyendetsa masekondi asanu ayi, amamupatsa imodzi.

Ulendo wobwerera Lamulungu madzulo ndiwo woipirapo. Thupi latopa ndi dzuwa ndi kusagona, ena alawako chakumwa, ndipo popeza Lilongwe ali kumadzulo, dzuwa lolowa limalasa woyendetsa m'maso. Ndi nthawi yomweyonso imene lamya imalira kwambiri, pakuti zithunzi za ku gombe zikugawidwa ndipo a m'kalasi akukumbutsana za ntchito ya Lolemba.

Zimenezi si zongoganizira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, limanena kuti munthu wogwiritsa ntchito lamya akuyendetsa ali pa chiopsezo chochita ngozi chowirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi amene lamya yake ili m'thumba. M'chaka cha 2009 akatswiri a ku Virginia Tech Transportation Institute ku America adalengeza zimene adapeza ataika makina ojambula m'malole akuluakulu, ndipo zidaonetsa kuti dalaivala akamalemba uthenga, mpata woti achite ngozi kapena kupulumuka lokumbakumba unkawirikiza ka 23. Awatu adali madalaivala okhwima pa ntchito, amene msewu ndiwo munda wawo. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu 2008, a Transport Research Laboratory ku Britain adayesa achinyamata a zaka 17 mpaka 24 pa makina oyerekeza kuyendetsa galimoto. Polemba mauthenga, nthawi imene ankatenga kuti achitepo kanthu idatalika ndi magawo 35 pa 100 alionse, pamene mowa wofika pa mlingo umene lamulo la kumeneko limalola udapezeka kuti umaitalikitsa ndi magawo 12 okha. Izi sizikuyeretsa mowa. Zikungoonetsa kuti mnyamata amene anzake amamusankha kuti ayendetse chifukwa iye samwa angathe kukhala woopsa chimodzimodzi ngati lamya ili m'dzanja lake.

Koma pali kafukufuku mmodzi amene ayenera kumvetsetsedwa kuposa onsewa, chifukwa adakhudza achinyamata a msinkhu wa pa koleji enieniwo. M'chaka cha 2011 Paul Atchley ndi anzake a pa University of Kansas adasindikiza zimene adapeza atafunsa achinyamata oposa 300. Mwa 100 alionse, 92 adavomera kuti amawerenga mauthenga akuyendetsa, 81 amayankha, ndipo 70 amachita kuyambitsa okha machezawo. Chodabwitsa nchakuti achinyamata omwewo adavomerezanso kuti mchitidwewu ndi woopsa kwambiri. Ankadziwa, koma ankachitabe.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Chizolowezi cha m'maofesi, vuto likabuka, ndicho kunena kuti anthu aphunzitsidwe, ndi kusindikiza zikwangwani. Komatu wophunzira wa pa koleji si mbuli. Amene akuchita za unamwino adaonapo ndi maso ake anthu ovulala pa msewu akulowetsedwa m'chipatala, ndipo wa za uinjiniya angathe kuwerengera masamu aja mwachangu kuposa wapolisi womuimitsa. Zimene zimamugonjetsa ndi zina. Choyamba ndi kudzikhulupirira kumene kumabadwa chifukwa chopulumuka: walemba mauthenga makumimakumi ali pa chiwongolero osaona choopsa, ndipo tsiku lililonse lopulumuka limamunamiza kuti iye ndi katswiri, chonsecho zoona zake nzakuti m'masekondi amenewo msewu udangokhala wopanda munthu. Chachiwiri ndi kulira kwa lamyayo. Kachipangizoka kakalira kapena kunjenjemera, dzanja lozolowera limapita lokha mutu usanaganize. Makolo akale adauona mtima wotere pamene adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Munthu wotere safuna chikwangwani china chomuuza zimene akudziwa kale. Afuna kuti lamya ikhale pamene dzanja silifika, ndiponso kuti omulembera aleke kumukoka.

Mmene zimathera zidaoneka m'dera la Utah ku America. M'mawa wa pa 22 Sepitembala 2006, mnyamata wa zaka 19 dzina lake Reggie Shaw ankapita ku ntchito pa galimoto akutumizirana mauthenga ndi bwenzi lake. Galimoto yake idadutsa mzere wa pakati ndi kukhudza galimoto ina yochokera kutsogolo, imene idazungulira ndi kuombedwa ndi yachitatu imene inkabwera pambuyo pa Shaw. Akatswiri awiri a za sayansi, James Furfaro ndi Keith O'Dell, onse a pa banja, adafera pomwepo. Poyamba mnyamatayo adakana kuti ankagwiritsa ntchito lamya, koma zolembedwa za kampani ya lamya zidaonetsa nthawi ya uthenga uliwonse, pakuti lamya ndi mboni yosaiwala. Pambuyo pake adavomera, adakhalako m'ndende kwa kanthawi, ndipo adayamba kuyendayenda m'masukulu kufotokoza zimene adachita. Mu 2009 dera la Utah lidakhazikitsa lamulo lolola kuti munthu wopha mnzake chifukwa cholemba uthenga akhale m'ndende mpaka zaka 15. Chofunika kuona nchakuti mnyamatayu sadali chidakwa kapena chigawenga. Adali mwana wa m'banja lopembedza, wotero amene kholo lililonse lingamupatse makiyi mosakayika.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa Utah ndi Salima kumene atsogoleri ayenera kukusunga mu mtima. Malinga ndi lipoti la World Health Organization la mu 2023, anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo palibe nthenda imene imapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa msewu. Africa ili ndi magalimoto atatu okha mwa 100 alionse a pa dziko lapansi, komabe imaika m'manda pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse ofa pa msewu. Lipoti la bungwe lomweli la mu 2018 lidayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 mwa 100,000 alionse ankafa pa msewu pa chaka, chiwerengero chimene chidali pakati pa zokwera kwambiri, ndipo pafupifupi theka la ofawo adali oyenda pansi. Kumaiko kumene aliyense ali m'galimoto, wolemba uthenga nthawi zambiri amaomba chitsulo chinzake. Kuno amaomba munthu. Mnyamata wa m'galimoto angathe kutuluka ndi kabala pa chipumi, pamene wa kabaza, amene mwina ndi wa msinkhu wake ndipo adalekeza sukulu chifukwa chosowa fizi, amachita kunyamulidwa. Chipatala cha boma cha Salima chimachita mbali yake, koma wovulala kwambiri m'mutu kapena msana amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kukwera mapiri omwe aja, ndipo si onse amene amafika akupuma. Banja limene lataya njinga pamodzi ndi wopalasa wake lataya ufa wa tsiku ndi tsiku, ndipo chipukuta misozi, ngakhale chitabwera, sichilera ana. Wophunzirayo naye amatsala ndi mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala, maphunziro amaima, ndipo dziko limene lidamulipirira sukulu limataya namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene linkamuyembekeza.

Tsono mawu alunjike kwa akuluakulu. Uthenga uli ndi nsonga ziwiri ngati chingwe, ndipo sichilungamo kudzudzula wogwira nsonga imodzi yekha. Kodi amene amalembera mnyamata ali pa chiwongolero ndani? Anzake, inde. Koma kawirikawiri ndi mayi ake, amene mtima uli m'mwamba kunyumba, kufunsa kuti wafika pati. Ndi bambo ake, amene adabwereketsa galimotoyo monyinyirika, ndipo akaona kuti uthenga wawerengedwa koma sunayankhidwe amatumiza wachiwiri waukali. Mwana wa ku Malawi adaleredwa kuti mkulu akaitana avomere msanga. Mwambo umenewu ndi wabwino pa khomo ndi pa bwalo, koma pa msewu ungathe kupha. Kholo limene limakalipira mwana chifukwa chochedwa kuyankha likumuphunzitsa, mosazindikira, kuti kulira kwa lamya nkofunika kuposa chimene chili kutsogolo kwa galimoto. Nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo nthawi yopangana ndi imene makiyi akuperekedwa. Kholo linene momveka kuti lamya ikalira asaigwire ngakhale woimbayo akhale bambo ake, kuti kunyumba adzadziwitsidwa akaima kapena akafika, ndipo kuti pakati pa nthawi ziwirizi palibe amene amulembere. Likatero kholo lisunge pangano lake, ngakhale mtima ukhale ukugunda chotani.

Ndiponso ana amaonera. Mnyamata amene kuyambira ali ku pulaimale wakhala ku mpando wakumbuyo kuona bambo ake akuyankha mauthenga a ku ofesi, dzanja limodzi lili pa chiwongolero, sangakhulupirire tsiku limene bambo yemweyo adzamuletse. Salima ndi malo amene misonkhano ndi maphunziro a ogwira ntchito m'Boma ndi m'mabungwe amachitikira kawirikawiri, ndipo magalimoto a manambala a MG sasowa pa msewu umenewu. Bwana amene amatumizira dalaivala wake uthenga akudziwa kuti ali m'njira, ndi kuyembekeza yankho nthawi yomweyo, wamuika munthuyo pakati pa ntchito yake ndi moyo wa anthu, pakuti dalaivala sangalimbe mtima kuchedwetsa bwana. Ofesi iliyonse ingathe kulamula lero lomwe, popanda kudikira ndalama za bajeti, kuti dalaivala wake sagwira lamya galimoto ikuyenda, ndipo kuti sadzadzudzulidwa chifukwa chosayankha. Lamulo lotere silifuna kugula pepala loposa limodzi.

Lamulo la dziko lilipo kale. Malamulo a pamsewu, amene tsinde lake ndi Road Traffic Act ya mu 1997, amaletsa kugwiritsa ntchito lamya ya m'manja poyendetsa galimoto, ndipo apolisi a pamsewu ali ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa. Koma mlandu uwu ndi wovuta kuugwira. Liwiro limayezedwa ndi makina, mowa umanunkha ndipo uli ndi chipangizo chake chouzira, tayala lakutha limaoneka ndi maso. Lamya imakhala pa miyendo, kunsi kwa zenera, ndipo imabisika woyendetsa akangoona apolisi patali. Maiko ena adayesa kukhwimitsa. Britain idaletsa kugwira lamya poyendetsa mu Disembala 2003, ndipo mu 2017 idawirikiza chilango, kotero kuti dalaivala amene sanakwanitse zaka ziwiri chilandirire chiphaso amalandidwa chiphasocho akangogwidwa kamodzi. Mzinda wa Cape Town ku South Africa udayamba mu 2012 kulanda lamya yeniyeniyo kwa ogwidwa. Njira ya ku Britain ndiyo imene nthambi yopereka ziphaso, ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, ingachite bwino kuilingalira, pa chifukwa chimodzi chapafupi: chindapusa amalipira ndi bambo, pamene chiphaso ndi cha mwana.

Zodzikhululukira sizisowa. Ena amati amangowerenga, salemba, ngati kuti maso owerengera ndi ena ndipo oonera msewu ndi enanso. Ena amati amatumiza mawu ojambulidwa pakamwa, kapena amayankhula ndi zomvera za m'makutu manja onse ali pa chiwongolero. Bungwe la za umoyo lija limanena kuti njira zoterezi sizichepetsa ngozi kwenikweni, chifukwa maganizo amakhala atachokabe. Kucheza ndi munthu amene ali m'galimoto momwemo nkosiyana, pakuti iye akuona msewu womwewo ndipo amaduliza nkhani lole ikamayandikira. Wa pa lamya saona kanthu, amangopitiriza.

Ophunzira ambiri, kuphatikizapo a pa Salima Technical College ku Senga Bay, sayendetsa nkomwe. Amakwera maminibasi, matakisi ndi njinga zamoto za kabaza zimene zachuluka zaka zino, ndipo si chachilendo kuona woyendetsa atapana lamya pakati pa khutu ndi phewa, kapena chala chikufufuza uthenga wa ndalama, anthu ali thothotho kumbuyo kwake. Wokwera walipira, ndipo ali ndi ufulu wonena mwaulemu kuti lamya iyambe yaikidwa pansi. Ophunzira, amene amadziwa kukweza mawu pa misonkhano yawo, sayenera kusanduka osalankhula akakhala kumbuyo kwa dalaivala. Mmodzi akayamba, agogo amene ali pambali pake amavomereza.

Kwa amene akuyendetsa okha, mankhwala ali m'galimoto momwemo. Ulendo wa ophunzira wa ku nyanja sukhala wa munthu mmodzi. Mumakhala anayi kapena asanu, aliyense ndi manja awiri opanda ntchito. Wokhala ku mpando wa kutsogolo alandire lamya ya woyendetsa injini isanalire, ndipo akhale kalaliki wake: awerenge, ayankhe, asinthe nyimbo, aone njira. Kukakhala kuti muli zachinsinsi zimene mwini wake safuna kuti mnzake aone, ndipo pa msinkhu umenewo zimakhalapo ndithu, lamyayo izimitsidwe ndi kuikidwa m'chikwama kumbuyo kwa galimoto. Kungoigoneka chafufumimba pa mpando sikukwanira, chifukwa ikanjenjemera dzanja lipitako. Mabungwe a ophunzira amene amakonza maulendo a ku gombe aike zimenezi pamodzi ndi za mafuta ndi za chakudya pokonzekera, ndipo sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto ziyambe phunziro lililonse ndi kulandira lamya ya wophunzira, kuti chizolowezi chimere pamodzi ndi luso. Mafumu ndi atsogoleri a m'madera nawo amadziwa kuposa wina aliyense pamene ana amaolokera msewu ndi pamene misika imasefukira pa phula, ndipo ndi iwo oyenera kupereka malo amenewo ku khonsolo ya boma kuti paikidwe zizindikiro ndi zochepetsa liwiro.

Uthenga ukakhala wofunikadi, monga wa matenda kapena wa maliro, malo oimapo ndi ambiri: pa Chankhungu, pa Chezi, pa Kaphatenga, pa Kamuzu Road. Woyendetsa aime pa malo oonekera patali, galimoto yonse itachoka pa phula, osati pokhota kapena pamwamba pa chitunda, ndipo usiku ayatse nyali zochenjeza. Kuima, kuyankha ndi kunyamukanso kumatenga mphindi ziwiri kapena zitatu pa ulendo wa ola limodzi ndi theka, ndipo m'malo amenewa amayi amagulitsa zakumunda m'mbali mwa msewu, kotero kuti mwana wobwerera ku nyanja angathe kugulirako mwini galimoto tomato kapena mbatata.